Mbewu ya mbatata isungeni mumchenga, osati kudimba

Mayi wina wa ku Makhanga m'boma la Nsanje watitumizira imelo. Akuti chaka chilichonse madzi akaphwa mu Epulo amapezeka alibe mbewu ya mbatata yobzala kudimba. Yomwe amasiya kudimbako imapita ndi madzi, ya pakhomo imapsa ndi dzuwa la Okutobala, yopulumuka mbuzi zimamaliza. Mapeto ake amagula mtolo pamsika osadziwa n'komwe mtundu wake. Akufunsa chochita.

Mayi, musavutike ndi kusunga kholowa wamoyo chilimwe chonse. Sungani mbatata yeniyeniyo, m'nyumba, kumtunda. Kudimba sikosungirako mbewu. Madzi osefukira a 2015, a namondwe Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anaonetsa zimenezo kuchigwa cha Shire kuno. Njira yake, yosunga mbatata mumchenga kenako n'kuiphukitsa, alangizi amaitcha Triple S, ndipo bungwe la International Potato Center ndi lomwe lakhala likuifalitsa.

Kusankha kumayambira m'munda musanakumbe. Ikani chizindikiro pa mapando amasamba obiriwira bwino. Phando lopinimbira, lamasamba opiringizika kapena amawanga achikasu lili ndi matenda, ndipo matendawo amatsata mbatata yake ngakhale ioneke yosalala. Pokumba mu Seputembala tengani zapakatikati, zokwana m'dzanja, zopanda bala la khasu kapena tizibowo ta nankafumbwe. Musazitsuke. Ziyanikeni pamthunzi dothi liume lokha.

Pa mchenga m'pamene ambiri amalakwitsa. Tengani wa kumtsinje, wokhakhala, muusefe ndi kuuyanika mpaka uume gwa, kenako muulowetse pamthunzi uzizire. Mchenga womwe wakhala padzuwa la kuno, uja umakulepheretsani kuponda opanda nsapato, umaphika maso a mbatata ndipo siphukanso. Wachinyezi nawo umawoletsa. Yalani nyuzipepala m'beseni, thirani mchenga pang'ono, ndandalikani mbatata zosakhudzana, kwirirani, ndandalikaninso zina, ndipo pamwamba pakhale mchenga wa masentimita 10. Beseni likhale pangodya yozizira, posadontha, pomwe nkhuku sizingapalase. Ana muwauziretu, chifukwa nthawi ya njala beseni lotere silichedwa kupepuka. Pakatha mwezi fukulani, tayani zowola ndi zofumbwa, thyolani mphukira zomwe zatalika, bwezeretsani.

Kukatsala masabata 6 mpaka 8 kuti mvula iyambe, kuno tinene chakumapeto kwa Okutobala, konzani bedi pafupi ndi mjigo kapena chitsime. Sakanizani dothi ndi manyowa owola bwino, ndipo mpanda wa minga uyambe kumangidwa mbatata isanalowe pansi, osati mbuzi zitalawa kale. Kwirirani mbatata yathunthu masentimita 5 pansi, motalikirana masentimita 60. Malangizo amati kuthirira kawiri pa sabata, koma kutentha kwa Nsanje ndi Chikwawa kumapyola madigiri 40, choncho phimbirani ndi udzu wouma ndipo muzipisa chala m'dothi madzulo. Likauma thirirani osadikira tsiku. Mbatata 40 zimatha kupereka zidutswa pafupifupi 1,500 mukamadula kangapo, zokwanira banja ndi kugawirako a neba.

Mvula ikakhazikika dulani nsonga zotalika masentimita 30, za mfundo zitatu kapena kuposa. Kutsinde musadulireko, siyani chikhatho chathunthu kuchoka pansi, poti m'mene nankafumbwe amaikira mazira ndi mmenemo. Bzalani m'munda wa kumtunda pamizere yotalikirana masentimita 75, phando ndi phando masentimita 30, mfundo ziwiri zikwiririke. Munda wa kumtundawu ndi womwe udzakupatseni nsonga zopita nazo kudimba mu Epulo kapena Meyi, uku mukuthyolamo kholowa wa ndiwo.

Za mitundu, funsani alangizi za mbatata yofiira mkati yomwe inatulutsidwa mu 2011: Chipika imapirira kutentha kwa kuchigwa, Kaphulira imacha msanga, palinso Kadyaubwerere, Mathuthu ndi Anaakwanire. Ili ndi vitamini A wofunika kwa ana. Ena amaidandaula kuti ndi yofewa poyerekeza ndi yoyera, koma mu futali wothira nsinjiro zokwanira dandaulo limenelo silimveka. Mtundu uliwonse ukhale ndi beseni lakelake, apo ayi chaka chamawa simudzadziwa kuti uti ndi uti.

Chinthu china chomwe simunafunse koma chidzakupezani: ngati dimba lanu ndi la makande, dothi likayamba kung'aluka mu Ogasiti nankafumbwe amatsikira m'ming'alumo kukapeza mbatata, ndipo yoboola imawawa moti n'kosadyeka. Muziyendamo ndi khasu sabata iliyonse kukwirira ming'alu, ndipo yosunga ngati mbewu muyambe ndi iyo kukumba, musaisiye kuti ikhale yomaliza m'dimba.