Mota ikugwetsa buleka? Musathamangire rewind

Bambo wina wa pa Kamwendo ku Mchinji, amene amayang'anira makina oyenga mafuta a mpendadzuwa, wanditumizira imelo. Akuti chiyambireni mvula, mota yawo ya 75 kW ikumagwetsa buleka akangoiyatsa. Mmisiri wina akuti yapsa, ipite ku rewind, kukakulunga mawaya atsopano m'kati mwake. Wina akuti angochotsa waya wa earth, wachitetezo wopita pansi uja, kuti ntchito isaime. Akufunsa kuti amvere uti.

Bambo, wachiwiriyo musamumvere m'pang'ono pomwe. Buleka ikugwa chifukwa magetsi akudutsa penapake n'kulowa m'chitsulo chakunja cha mota. Mukachotsa earth, magetsiwo adzakhala m'chitsulomo kudikira mnyamata wanu adzagwirepo ataponda simenti yonyowa. Pa mota ya 400 V chitsulocho chitha kufika 230 V, ndipo munthu amafa.

Woyambayo mwina akunena zoona, koma wagamula mlandu asanamve mboni. Nyengo ya mvula vuto limapezeka kawirikawiri m'kebulo kapena m'kabokosi kolumikizira mawaya, mota ili bwinobwino.

Itanani wamagetsi amene ali ndi Megger, chida choyezera insulation, kutanthauza zokuta mawaya kuti magetsi asatuluke. Multimeter, kachida wamba koyezera magetsi, siikwanira, chifukwa kabatire kake n'kofooka ndipo sikaonetsa pamene insulation yayamba kutha. Azimitse magetsi, akhome loko pa swichi, kiyi akhale nayo m'thumba, atsimikize kuti magetsi mulibedi. Kenako amasule kebulo mbali zonse ziwiri n'kuiyeza payokha. Ngati pali VSD (yosinthira liwiro la mota) kapena soft starter (yolizira mota pang'onopang'ono), aichotse kaye, apo ayi Megger idzaiwononga.

M'kabokosi muja ayang'anitsitse ndi tochi. Mumakhala madzi olowera pa gland (polowera kebulo) yomasuka, fumbi lomatana ndi mafuta, waya wokukutidwa ndi khoswe, kapena kamzere kakuda ngati ka makala kochokera pa bawuti kupita ku chitsulo. Kamzere kameneko kokha n'kokwanira kugwetsa buleka, ndipo kukonza kwake n'kungosintha bolodi lomangirapo mawayawo.

Akafika pa mota, achotse malinki, tizitsulo tolumikiza mabawuti m'kabokosimo, kuti makoyilo atatu a mawaya a m'kati mwa mota, U, V ndi W, aime paokhapaokha. Aliyense ayezedwe ndi chitsulo pa 500 V DC kwa mphindi imodzi, kenako koyilo ndi inzake. Muyezo wa IEEE 43, wa bungwe la mainjiniya a zamagetsi, umati nambala ya Megger pa mota yamtunduwu isatsike pansi pa 5 megohm pa kutentha kwa 40°C. Kutenthako n'kofunika, poti kukakwera ndi 10°C nambala imatsika pafupifupi ndi theka. Akamaliza kuyeza agunditse makoyilo ku earth, chifukwa amasunga magetsi.

Apa ndiye pagona nkhani. Ngati makoyilo onse atatu atsika mofanana, kawirikawiri chimakhala chinyezi ndi litsiro. Mota yotero amaitsegula, kuiyeretsa, n'kuiumitsa pang'onopang'ono ndi mpweya wotentha wa pafupifupi 90°C, osati pa moto wa nkhuni. Musataye mtima nambala ikayamba ndi kutsika, imatero ikamatenthedwa, kenako imakwera mpaka kukhazikika. Ikakhazikika pabwino, apake vanishi aiumitsenso.

Koma koyilo imodzi ikaonetsa ziro pamene zinzake zili m'mwamba, ndiye kuti waya wagundadi chitsulo, ndipo rewind siithawika. Ngakhale zili choncho fufuzani chimene chaipha. Onani ma bearing: akatha, rotor (mbali yozungulira) imakhula stator (mbali yoima, mokhala makoyilo) n'kusiya mikwingwirima yonyezimira. Makoyilo awiri akuda imodzi ili yoyera, kapena imodzi yakuda awiri ali oyera, kutengera kalumikizidwe kake, kawirikawiri ndiye kuti phase imodzi, waya umodzi mwa atatu obweretsa magetsi, inkasowa. Mukapanda kukonza zimenezi, mota yatsopanoyo idzapsanso.

Kwa opanga rewind, ine ndimaumirira zitatu. Asawotche mawaya akale ndi lawi la moto, chifukwa amawononga tizitsulo topyapyala ta stator ndipo mota imadzatentha moyo wake wonse. Waya akhale wa saizi yomweyo, wozungulira kuchuluka komweko, insulation yake ya Class F, yopirira 155°C. Ndipo akulembereni nambala za Megger musanalipire, muzisunge m'kope, kuti chaka chamawa mvula isanagwe mudzayezenso n'kufananitsa.