Ndikupita ku Uluru, ndiyambire pati?

Funso: Akulu, mwezi wamawa ndikupita ku Australia kukacheza kwa mchemwali wanga ndiye akuti tikafike ku Uluru, chimwala chachikulu chija. Ine ndimafuna kungojambula zithunzi basi koma iwo akuti tiyambire kaye ku senta ya chikhalidwe, kodi n'zofunikadi?

Yankho: Achemwali anuwo akunena zoona, muwamvere. Malowo eni ake ndi a Anangu, mtundu wa anthu omwe akhala kumeneko kuyambira kalekale, boma linawabwezera dziko lawolo mu 1985 ndipo sentayo inatsegulidwa mu 1995. Nyumba zake anazimanga mokhotakhota kutengera njoka ziwiri za m'nkhani za makolo awo, Kuniya ndi Liru, ndiye mukangolowa mumayamba kumva za Tjukurpa, lomwe ndi lamulo lawo, chipembedzo komanso mbiri ya mmene zinthu zinayambira, zonse pamodzi, moti mukatuluka chimwalacho simuchionanso ngati chimwala wamba ayi.

Koma za zithunzizo pepani, mkati mwa sentamo salola kujambula, foni ikhale m'thumba. Pozungulira mwalawo palinso malo ena opatulika pomwe pali zikwangwani zoletsa kamera, ena ndi a amuna okha ena a akazi okha. Mukafunsa chinthu a Anangu iwo n'kungokhala chete musakakamire, si mwano, nkhani zina siziuzidwa kwa mlendo.

Kukwera pamwamba kunaletsedwa pa 26 Okutobala 2019, musavutike n'komwe. Timiyala musatole, ena anatola n'kudzabweza okha pa positi ndi kalata yopepesa. Moni wawo ndi "palya", muuloweze.