Kwa achimwene a ku Salima amene mwafunsa za uthenga wa --help mu ld.so

Achimwene, funso lanu ndaliona mochedwa, netiweki kuno ku Nkhotakota imachita zofuna zake mvula ikayamba. Kwa amene simunaliwerenge, mnzathuyu akulemba ka loader kake koyeserera, ndipo powerenga code ya glibc (library ya C imene mapulogalamu ambiri a pa Linux amadalira) wapeza kuti mawu ofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka ld.so, loader ya glibc imene imadzutsa mapulogalamu ena, anawachotsa mu fayilo yake yaikulu ya rtld.c n'kuwapatsa fayilo yawoyawo. Akufunsa ngati kumeneko sikungotaya nthawi poti ndi mawu chabe, komanso ngati iye angasamutse ake n'kuwonjezeramo ma option atsopano mu commit (gulu la zosintha zosungidwa pakamodzi mu git) imodzimodziyo.

Funso lachiwirilo ndiyankhiretu: ayi, musatero. Loyambalo ndiye lofunika kukhalira pansi.

Mukayendetsa pulogalamu pa Linux, kernel imayang'ana mu fayilo ya pulogalamuyo, imene ndi ya mtundu wa ELF, pa gawo la PT_INTERP n'kupezamo dzina la pulogalamu ina yoti iyambe kudzuka. Pa kompyuta za x86-64 dzinalo ndi /lib64/ld-linux-x86-64.so.2, ndipo mukalemba readelf -l /bin/ls muliona nokha. Ameneyu ndi ld.so ija, ndipo ndiye amasaka ma shared library (mafayilo a code imene mapulogalamu amagawana), kuwaika mu memory ndi kulumikiza ma symbol, pulogalamu yanu isanafike n'komwe pa main. Ali ngati mayi wodzuka mbandakucha mudzi wonse uli mtulo, alibe kwa neba kokapala moto, ayenera kukoleza yekha. printf imene tonse timaidalira imakhala mu libc.so.6, ndipo libc.so.6 imabweretsedwa ndi loader yomweyo. N'chifukwa chake ali ndi zida zakezake zazing'ono: _dl_printf yolembera ku stdout (kotulukira zolemba wamba), _dl_error_printf yolembera ku stderr (kotulukira mauthenga a zolakwika), ndi _dl_fatal_printf imene imalemba kenako n'kutseka pulogalamu ndi nambala yotulukira 127 (nambala imene pulogalamu imasiya ikamatha, 0 ndiye kuti zayenda bwino). Sizidziwa ma format onse a printf, zimadziwa ochepa okha. Ndiye mukamati ndi mawu chabe, kumbukirani kuti mawuwo akulankhulidwa pamalo pamene ngakhale cholankhulira n'chodzipangira.

Mpaka glibc 2.32, ld.so inalibe --help. Mukaiyendetsa popanda dzina la pulogalamu, imakukhuthulirani uthenga wonse wautali ku stderr n'kutuluka ndi 127. Ngati muli ndi laputopu yakale ya Ubuntu 20.04, imene ili ndi glibc 2.31, yesani kuipatsa --help. Imayesa kuti limenelo ndi dzina la pulogalamu, n'kukuuzani kuti fayilo yotchedwa --help sikuipeza. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaseka ndekha. Uthenga wautali uja unali pakatikati pa dl_main, function yaikulu ya ld.so mu rtld.c, imene inali kale yodzaza ngati minibasi ya pa M5 tsiku lamsika.

Mu October 2020 a Florian Weimer a ku Red Hat analowetsa ma patch angapo otsatizana, ndipo ndondomeko yake ndi imene ndikufuna muyang'anitsitse. Zimene loader imasunga kuchokera pa command line ndi pa environment anazisonkhanitsa mu struct dl_main_state, mu fayilo ya dl-main.h. Uthenga uja anausamutsira ku elf/dl-usage.c. Atatha izi m'pamene anabweretsa --help ndi --version, n'kuyamba kuwonjezera zina mu uthengawo. Zonsezi zinatuluka mu glibc 2.33 mu February 2021.

Mukakhala pa Ubuntu 22.04 kapena Debian 12, yendetsani loader ija ndi --help muone zimene zituluke. Pamwamba pali mndandanda wa ma option monga --list, --verify, --library-path ndi --preload. Koma pansi pake pali zinthu zoti munthu sangalemberetu mu string: malo amene loader ikusakamo ma library pa kompyuta yanu lero, kuphatikizapo zimene mwaika mu LD_LIBRARY_PATH ndi /etc/ld.so.cache, komanso ma directory a glibc-hwcaps, osungamo ma library opangidwira mitundu ya processor, x86-64-v2, v3 ndi v4, ndi chizindikiro chosonyeza amene processor yanu ikuwakwanitsa. Apa uthengawo wasanduka code yeniyeni yokhala ndi ma loop, yofuna kudziwa zimene dl_main ikudziwa. Akanazipanikiza zonsezi mkati mwa dl_main, palibe akanafunanso kutsegula fayilo imeneyo. Struct ija ndi imene inatheketsa kuti function ya kunja ilandire zonse pakamodzi. Kusamutsa kuja kunali kulambula malo omangapo.

Chinanso chimene anachita, ndipo ine ndimachikonda kuposa zonse, n'kulekanitsa munthu wolakwitsa ndi munthu wofunsa njira. Wolakwitsa, amene sanatchule pulogalamu kapena walemba option yosadziwika, amakumana ndi _dl_usage: mizere iwiri ku stderr, woyamba wonena cholakwika, wachiwiri womuuza kuti ayese --help, kenako nambala 1. Wofunsa njira amakumana ndi _dl_help: uthenga wonse ku stdout, nambala 0, moti akhoza kuutumiza ku less kapena grep popanda vuto. Onaninso kuti nambala yotulukira inachoka pa 127 kufika pa 1. Kumeneko n'kusintha khalidwe la pulogalamu, ndipo kumafunika kuonekera poyera pa commit yake, osabisala mkati mwa mizere yongosamutsidwa.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Zaka zapitazo ndinalembera gulu lina la alimi a mpunga kuno kwathu ka pulogalamu kolembera matumba akamalowa mosungira katundu. Madzulo aliwonse script ina imakaitana kuti katulutse zolemba za tsikulo n'kuzikopera pa flashi, ndipo imayang'ana nambala yotulukira kuti idziwe ngati zayenda. Loweruka lina ndinakhala pakhonde ndi laputopu pamiyendo, batire itatsala pang'ono, ndikuti ndingosesa code. Ndinasamutsa uthenga wa usage, ndinasintha dzina la option imodzi kuti limveke bwino, ndipo poti function yatsopanoyo ndinailemba ngati ya help, inkatuluka ndi 0. Commit imodzi, uthenga wake mawu awiri. Script ija inapitiriza kuitana ndi dzina lakale la option, pulogalamu n'kumalavula usage, n'kumatuluka ndi 0, script n'kumati zonse zili bwino. Tsiku limene mlembi wa gululo anafuna kudziwa matumba a mlimi wina, tinatsegula flashi n'kupeza mafayilo ooneka bwinobwino, lililonse lili ndi malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka pulogalamu, mulibe thumba ndi limodzi lomwe. Chinatipulumutsa ndi kope limene mlembiyo sanasiye kulembamo ndi bolopeni. Ndipo pofufuza ndinavutika, chifukwa diff inali yofiira ndi yobiriwira paliponse, mzere wolakwikawo utabisala pakati pa mizere yosalakwa.

Musaganize kuti ld.so ilibe oidalira otere. Lembani cat /usr/bin/ldd, mupeza kuti ldd, yoonetsa ma library amene pulogalamu ikufuna, ndi shell script imene imaitana loader ndi --verify n'kuyang'ana nambala imene yabwera.

Ndiye pa ka loader kanu chitani motere. Musanakhudze kalikonse, kayendetseni popanda argument, ndi option yabodza, ndi pulogalamu yeniyeni, ndipo nthawi iliyonse sungani stdout payokha, stderr payokha, ndi zimene echo $? ikuonetsa. Samutsani uthengawo momwe ulili, ngakhale muone chilembo cholakwika chikukuyang'anani, chisiyeni kaye. Yendetsaninso n'kufananitsa ndi diff, pasapezeke kusiyana ngakhale kwa kadontho. git diff --color-moved idzakuonetsani mizere yongosamuka ndi mtundu wina, ndipo mzere uliwonse wosakhala wa mtundu umenewo muufunse kuti ukufuna chiyani pamenepo. Commit. Kukonza chilembo chija ndi commit ina, --help ina, option iliyonse yatsopano ina.

Pali tinthu tiwiri tokola anthu. Function yanu ya usage siyibwerera kumene yaitanidwa, choncho iuzeni compiler zimenezo ndi noreturn, apo ayi idzayamba kudandaula za ma variable amene akuoneka ngati sanapatsidwe kanthu. Chachiwiri, loader imasiya kuwerenga ma option ikangofika pa dzina la pulogalamu. Munthu akalemba loader, kenako ./pulogalamu, kenako --help, --help ameneyo si wanu, ndi wa pulogalamuyo, mupatsireni osamukhudza. glibc imangodutsa ma argument ndi strcmp mmodzimmodzi, yopanda getopt, ndipo kwa inu zimenezo n'zokwana. Dzina lolemba mu uthengawo litengeni pa argv, musalikhomerere mu string monga momwe uthenga wakale unalembera ld.so.

Pamene sindikugwirizana ndi ena amene ayankha pamwambapa ndi pa struct. Akuti mupange yanu chifukwa glibc inapanga. Ngati muli ndi ma option atatu ndipo uthenga wanu susintha malinga ndi kompyuta, fayilo imodzi ya usage.c ndi ma function awiri zakwana. Struct idzadziitana yokha tsiku limene help yanu idzafune kuonetsa malo osakamo ma library.

Ndipo poti mwanena kuti mukufuna kumanganso glibc yeniyeniyo kuti muyesere, chonde musakopere loader yanu pamwamba pa ya system. Ikalakwika, ls ndi cp zomwe zimakana kudzuka, mumatsala ndi kompyuta yoti simungathe n'kubwezeretsapo fayilo yakale popanda kuyatsira pa flashi. Mu directory yomangiramo mumatuluka testrun.sh, yendetserani mapulogalamu anu pamenepo. Mukamaliza commit yoyamba ija iponyeni muno pamodzi ndi mafayilo a stdout ndi stderr a kale ndi atsopano, ndidzaiona mawa usiku ndikabwerako ku Dwangwa.