Kodi aurora imagona masana?

Mayi wina wanditumizira imelo kuti mwana wake anasekedwa m'kalasi atanena kuti aurora, kuwala kwamitundu kooneka kumwamba kumadera akumpoto ndi kummwera kwenikweni kwa dziko, kumakhalapo ngakhale masana. Akufunsa ngati mwanayo analakwa.

Mayi, sanalakwe ngakhale pang'ono. Nkhaniyi yandikhudza chifukwa nanenso ndinasekedwapo pa mfundo yomweyi. Mnzanga wina ankati chimene maso sakuona ndiye kuti kulibe. Tinakangana mpaka mawu kusasa, iye n'kumaliza ndi kundiuza kuti kuwerenga kwandisokoneza mutu. Ndikakumbukira ndimapsabe mtima.

Dzuwa silipuma kuponya tizidutswa tamagetsi, ma electron ndi ma proton, tothamanga pafupifupi makilomita 400 pa sekondi. Imeneyo ndiyo mphepo ya dzuwa. Mphamvu ya maginito ya dziko imaitchinga patali, makilomita oposa 60,000 kumbali yoyang'ana dzuwa. Koma chotchingacho chili ndi mipata iwiri yooneka ngati fanulo, wina kumpoto wina kummwera. Mu 1961 wasayansi James Dungey anafotokoza kuti maginito a mphepoyo akaloza kummwera amalumikizana ndi a dziko, njira n'kutseguka. Izi zimachitika kumbali kumene kuli masana!

Tizidutswa tolowera pamenepa tilibe mphamvu zambiri, motero sititsika kwenikweni. Timagunda okosijeni pamwamba, kupitirira makilomita 200, ndipo kuwala kwake kumakhala kofiira, kozimiririka. Kobiriwira kuja kwa usiku kumachokera ku tizidutswa tomwe tapatsidwa mphamvu kumchira wa maginito, kuseri kwa dziko, n'kutsika mpaka pafupi ndi makilomita 100.

Ndinene mosabisa: zithunzi zokopa alendo ndizo zatipusitsa. Zonse n'zobiriwira, zonse n'zausiku, ndiye anthu amaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.  Kwa ine aurora yamasana ndiyo yofunika kwambiri, chifukwa imaonetsa mphepo ya dzuwa ikungolowa kumene.

Nanga angaione kuti?

Kumene dzuwa likuwala, maso sangaione. Ma setilaiti ndiwo amaijambula ndi kuwala kwa ultraviolet, kumene maso a munthu sakuona. Koma m'tauni ya Longyearbyen, ku Svalbard, zilumba za dziko la Norway zakumpoto kwenikweni, mu Disembala kumakhala mdima ngakhale 12 koloko masana, ndipo mpata wakumpoto uja umadutsa pamwamba pa tauniyo. N'chifukwa chake Kjell Henriksen Observatory, nyumba yofufuzira za aurora, inatsegulidwa kumeneko mu 2008. Mwanayo afufuze zithunzi zakumeneko, akaonetse aphunzitsi ake.