Adokotala, ndipitirize kuvala tizikombole toyeretsa mano?

FUNSO: Adokotala, ndine mayi wa zaka 34. Ndimamwa tiyi ndi khofi tsiku lililonse, ndipo mano anga afika pochita chikasu moti pojambulitsa ndimamwetulira chotseka pakamwa. Mnzanga wandipatsa bokosi limene anagula pa intaneti. Muli tizikombole tiwiri ta pulasitiki tovala kumano, ndi mankhwala olimba ngati phala ali m'timasirinji. Palembedwa kuti carbamide peroxide 22%. Ndavala usiku masiku atatu, koma nkhama zikuwotcha, ndipo ndikamwa madzi ozizira mano akundilasa ngati singano. Dzino lina lakutsogolo anandimata kalekale nditagwa ndili mtsikana. Kodi ndipitirize?

Wowerenga wanu

YANKHO: Mayi, yambani mwavula kaye, bokosilo lipume m'kabati. Sindikunena kuti mankhwalawa ndi achinyengo ayi. Njira imeneyi imagwiradi ntchito, ndipo inenso ndimapangira anthu tizikombole totere. Koma inu mwayambira pakati, poyambira penipeni mwalumpha.

Carbamide peroxide ikakhudzana ndi malovu imasweka n'kutulutsa hydrogen peroxide, yomwe imalowa m'chikutu cholimba cha dzino mpaka m'kati, n'kusungunula utoto umene tiyi, khofi kapena fodya zasiya m'menemo kwa zaka. Madokotala awiri a ku University of North Carolina, a Haywood ndi a Heymann, atalemba za njirayi mu 1989, ankagwiritsa ntchito ya 10% yokha, yomwe imatulutsa hydrogen peroxide pafupifupi 3.5%. Yanuyo ya 22% ikutulutsa pafupifupi 8%. M'mayiko a European Union malire ndi 6%, ndipo yofika pamenepo amagulitsa kwa madokotala a mano okha, komanso sapatsa munthu wosakwana zaka 18. Ndiye mwagona usiku wonse ndi mankhwala amene kumeneko ngakhale dokotala saloledwa kukupatsani. Amphamvu amayeretsa msanga, inde, koma ofooka nawonso amakafika pomwepo, kungoti amayenda pang'onopang'ono ndipo savutitsa mano chotere.

Nkhama zikuwotchazo mlandu ndi wa chikombole. Cha m'bokosi amapangira aliyense, kapena mumachiviika m'madzi otentha n'kuchiluma kuti chitenge maonekedwe a mano anu, koma sichigwira bwino, choncho mankhwala amatayikira pa nkhama. Cha dokotala timachiumba potengera mano anu enieni, n'kuchidula kulekeza pomwe dzino lathera. Vuto lina ndi dzanja lolemera. Anthu ambiri amadzaza chikombole chonse poganiza kuti akachulutsa mano ayera msanga. Kadontho kamodzi pa dzino lililonse, mbali yakutsogolo, n'kokwana, ndipo zosefukira muzipukuta ndi kathonje. Nkhama zikayera mbuu chifukwa cha kupsa musachite mantha, zimabwerera pakapita masiku ochepa mutasiya.

Kuyayamira kwa mano kumachitikira ambiri ndipo nthawi zambiri kumatha kokha. Mankhwala otsukira mano okhala ndi potassium nitrate amathandiza, makamaka mukayamba nawo milungu iwiri musanavale chikombole. Koma ngati likulasa ndi dzino limodzi lokha, kapena ululu sukuleka ngakhale mwasiya, pamenepo pali china: mwina dzino labooka, lang'aluka, kapena nkhama zatsika n'kusiya muzu pamtunda. Mankhwalawa akalowa pabowo, munthu sagona tulo.

Tsopano dzino lomatalo, lomwe mwalitchula komalizira ngati nkhani yaing'ono, kwa ine ndiye nkhani yaikulu. Peroxide imayeretsa dzino lobadwa nalo basi. Zomatira, zisoti zoveka dzino ndi mano oikirira siziyera ngakhale mutavala chaka chathunthu. Anakumatani potengera mtundu wa mano anu panthawiyo, ndiye anzake akayera, chigambacho chidzatsala chachikasu pakati penipeni pomwe aliyense amayang'ana. Ndaonapo anthu akubwera atakwiya kuti mankhwala awadetsera dzino, pomwe dzinolo silinasinthe, asintha ndi anzake. Chomwe timachita ndi kuyeretsa kaye, kudikira milungu iwiri kuti mtundu ukhazikike komanso kuti zomatira zikagwire bwino, kenako n'kumatanso mwatsopano. Ndipo poti dzinolo linamenyeka, liyenera kujambulidwa. Ngati mtsempha wake unafa n'chifukwa chake likuda, limenelo timaliyeretsera m'kati, chikombole sichingalithe.

Mwina chikasu china chingochoka dokotala akakupalani litsiro louma lomwe mswachi umalephera. Mawanga ofiirira obwera ndi fluoride wochuluka m'madzi akumwa paubwana, kapena mizere yotuwa ya mankhwala a tetracycline, ndi amakani, ena amatenga miyezi. Chikasu cha tiyi ngati chanucho ndiye chosavuta: milungu iwiri kapena itatu ndi ya 10% mudzaona kusintha. Sikuyera kwa muyaya, pakapita chaka kapena ziwiri mungafunike kubwereza masiku ochepa. Mandimu ndi makala musayese n'komwe, zimadya chikutu cha dzino ndipo sichimeranso.

Simunanene ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa. Ngati ndi choncho, dikirani kaye. Popita kwa dokotala wa mano tengani bokosilo akaone zomwe zalembedwapo, ndipo tizikombole ngati mnzanuyo anativalapo kale, titayeni.