Kuyankha amalume za gulu la Del McCoury

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu loti anthu amene ndikukawaonera kumapeto kwa Meyi aja ndi a country ngati Don Williams wanu uja kapena ayi. Eee, chibale chilipo ndithu, koma si zimodzi. Izi amati bluegrass. Mulibe ng'oma, mulibe gitala yamagetsi, ndi zingwe zokhazokha: gitala, banjo, mandolin, vayolini ndi chibesi chachikulu chija choimirira. Amaimba mothamanga, mawu okwera m'mwamba kwambiri, moti tsiku loyamba mutha kunena kuti munthuyu akulira.

Mwini gulu ndi mdala Del McCoury, wobadwa mu 1939, wokulira ku Pennsylvania. Mu 1963 anatengedwa ndi Bill Monroe wa ku Kentucky, amene anayambitsa mayimbidwe amenewa. Iye anapita ngati woimba banjo, koma Monroe anamupatsa gitala n'kumuuza kuti azitsogolera nyimbo. Sanakhalitseko. Anabwerera kwawo n'kukalowa ntchito yodula mitengo, zoimbazo n'kumangochita Loweruka ndi Lamlungu. Zaka ndi zaka, amalume, munthu woti anaimbapo ndi mwini wake wa bluegrass ali m'nkhalango ndi zipika, kudyetsa ana.

Ndiye ana omwewo ndi amene anadzamukweza. Ronnie anakula n'kugwira mandolin, Rob n'kugwira banjo, onse n'kulowa gulu la bambo awo. Mu 1992 banja linasamukira ku Nashville, mpamene zinthu zinatseguka. Mu 2003 anamulandira kukhala membala wa Grand Ole Opry, komwe ndi kuchimake kwa oimba a country. Mphoto yake yoyamba ya Grammy inabwera mu 2006, ina mu 2014. Tawerengani nokha, yoyambayo anali ndi zaka 67! Ine chimene ndimamulemekezera n'chimenecho, osati zikhozo ayi.

Koma kuti mumvetse muyenera kuwaona. Amavala masuti, mdalayo tsitsi lambuu lopesera kumbuyo bwinobwino. Anatchuka ndi kuimba mozungulira maikolofoni imodzi. Wa banjo akafika pake amasendera kutsogolo, akamaliza amabwerera, wa vayolini n'kulowa pomwepo, osagundana ngakhale pang'ono. Pa kolasi amasonkhanitsa mitu pamodzi. Komanso mdalayo amakonda kufunsa anthu kuti mukufuna nyimbo iti, anthu n'kumakuwa, iye akuseka, n'kuyamba yomwe wamva.

Kumene ndikupitako ndi ku chikondwerero chawo chomwe, DelFest, chimene anachiyamba mu 2008. Chimachitikira ku Cumberland, konkuno ku Maryland, m'mbali mwa mtsinje wa Potomac, pa holide ya Memorial Day. Ndi masiku angapo, magulu ambirimbiri, ndipo anthu amagona konko m'matenti, mabanja ndi ana omwe. Ine zogona mu tenti ayi, msana wangawu ungakane, ndikangoonera tsiku limodzi n'kubwerako.

Ndipo inu amene munkapanga banjo ya chigubu cha mafuta muli anyamata, mukadzamva mmene Rob amakandira yake ndi zala zitatu, mudzandiimbira foni nokha. Ndikajambula ndidzaponya m'gulu muno kavidiyo kakafupi kuti kasakudyereni bando. Mupereke moni kwa azakhali, muwauze kuti za mankhwala awo zija ndiwayankha madzulo ndikaweruka.