Pulagi yakakamira mu injini ya njinga yakale, nditani?

Owerenga ena anditumizira imelo, akuti ali ndi Honda CG125 yakale yomwe yakhala zaka zingapo ili chiimire, ndiye pofuna kuyidzutsa apeza kuti pulagi ikukana kutuluka. Atakoka ndi sipanala inasuntha pang'ono kenako n'kulimbanso. Akufunsa ngati angalowetse payipi ku sipanala kuti mphamvu ichuluke.

Akulu, payipiyo iyikeni kaye pansi. Pulagi imeneyo ndi yotaya kale, chomwe mukuteteza apa ndi mazinga a mu hedi, chigawo chapamwamba cha injini momwe pulagi imalowa. Pulagi ndi yachitsulo pomwe hedi ndi ya aluminiyamu, ndiye ziwirizi zikakhala zogundana nthawi yaitali chinyezi n'kulowapo zimadyana, m'mazingamo mumachita zinthu zoyera ngati phulusa zomwe zimamata zonse pamodzi. Onjezerani mwaye wouma kunsonga kwa pulagi, mbali yomwe imasuzumira mkati mwa injini. Mukakoka ndi mphamvu aluminiyamu ndi amene amagonja poti ndi wofewa, pulagi imatuluka inde koma imatuluka ndi mazinga a hedi omwe.

Yambani ndi kutsuka. Chotsani kapu ya pulagi, pukutani dothi ndi mchenga wonse kuzungulira dzenjelo, kaya ndi kabulashi kaya ndi mpweya, chifukwa pulagi ikatuluka zonsezo zigwera pa pisitoni. Kenako thirani mafuta omasulira mabawuti. Ambiri amathamangira WD-40, imathandiza ndithu ngakhale alipo ena olowerera kuposa iyo, olo dizilo kapena palafini amagwira ntchito mukawapatsa nthawi. Nthawiyo sindikunena mphindi khumi ayi, thirani madzulo, m'mawa muthirenso, ngati mpaka masiku awiri palibe vuto. Chabwino chake kwa inuyo n'choti yasuntha kale pang'ono, ndiye kuti washala wake wadzuka ndipo mafuta apeza njira yotsikira m'mazinga.

Sipanala nayo ikhale yoona. CG125 kawirikawiri imagwiritsa ntchito pulagi ya kampani ya NGK yotchedwa D8EA, mazinga ake ndi 12mm ndipo imamasulidwa ndi soketi ya 18mm. Pezani soketi ya pulagi ya makona 6 yokhala bwino mpaka pansi, osati kapayipi kopyapyala kaja kobwera ndi njinga, kamapindika n'kudya makona. Ikhale yowongoka, ikapendekeka mbali yoyera yakumtunda kwa pulagi imasweka.

Za kutenthetsa anthu amatsutsana kwambiri, ena amati injini izizire kaye ena amati ikhale yotentha. Ine ndimati yofunda. Aluminiyamu akatentha amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndiye dzenje limakula pang'ono n'kuisiya pulagi. Koma yotentha kwambiri mazinga savuta kudyeka. Injini ikamalira ilizeni mphindi ziwiri kapena zitatu basi, ngati sikulira gwiritsani ntchito chowuzira mpweya wotentha pa hedi mozungulira pulagi, osati pa pulagipo. Musanagwiritse ntchito chowuziracho, thanki ya petulo muchotse kaye komanso mupukute mafuta otsala aja, amayaka amenewo.

Tsopano pomasula pake, apa ndi pamene pagona nkhani. Mangani kaye pang'ono chabe, kangachepe, kenako masulani mpaka pomwe yalimba, imani, thirani mafuta, bwezerani mkati, masulaninso. Ulendo uliwonse izidutsa pang'ono pomwe inalekezera, mwina kota ya kuzungulira mwina osakwana n'komwe, ndipo zimatopetsa moti ola limatha muli pa pulagi imodzi koma ndi mmene mwaye uja umaphwanyikira mazinga osawonongeka. Dzanja lizimva. Ikamalira kwii kwii koma ikuyenda, pitirizani. Ikamalimba kwambiri pomwe ikutuluka, kapena mwadzidzidzi yafewa mosadziwika bwino, siyani pompo, ndiye kuti aluminiyamu wayamba kukokoloka kapena pulagi ikupotoka kuti iduke.

Ikaduka musataye mtima. Nthawi zambiri kumtunda kumachoka n'kutsala kachitsulo kamazinga kabowo pakati, komwe kamatha kutuluka ndi ekisitirakita, chida chotulutsira mabawuti oduka. Koma ine ndingakuuzeni kuti zikafika apo ingotsitsani hedi, pa injini ya silinda imodzi ngati imeneyi si ntchito yaikulu, gasiketi yatsopano basi, kusiyana n'kuti tizidutswa ta mbali yoyera ija tigwere mkati n'kukanda silinda. Mazinga akadyeka amakaniko amabowola n'kuika Helicoil, kawaya kokulungidwa kolowa m'malo mwa mazinga odyekawo, kapena kabushu kamazinga, ndipo zikapangidwa bwino zimakhala zolimba ndithu.

Poika yatsopano, tsukani mazinga kaye ndipo muyambe ndi zala, izilowa yokha mpaka washala agunde, ikakana pa chiyambi ndiye kuti yalowa mopingasa, itulutseni. Pulagi ya 12mm pa hedi ya aluminiyamu imafuna mphamvu yomangira ya 15 mpaka 20 Nm pa sipanala yoyezera, ngati mulibe sipanala yoyezera ndi pafupifupi theka la kuzungulira kuchokera pomwe washala wagunda, washalayo akakhala watsopano. Girizi wa kopa woletsa mazinga kukakamira a NGK amati musapake pa mapulagi awo chifukwa anakutidwa kale, ndipo amapangitsa munthu kumanga mopyola muyezo osazindikira. Mukapaka, kakhale kochepa kwambiri ndipo muchepetse mphamvu pomanga.